Mboni Ziwiri za Nante

Mumsewu wathu ku Olongapo, kuno kwa Afilipino, mulibe mnyamata amene anaponyapo mpira wa basiketibolo osavalapo jezi yosoka Aling Minda. Aling ndi mawu aulemu chabe, ngati kunena kuti mayi. Dzina lawo lenileni ndi Luzviminda, koma ndani angalimbane ndi dzina lalitali choncho? Makina awo ali pakhonde, moyang'anana ndi bwalo la mpira. Ligi ya m'dera ikayandikira, khonde lonse limadzaza nsalu zofiira ndi zachikasu, anyamata atandanda kudikira kuyezedwa, ndipo amawayeza uku akuwanyoza. "Iwe, chifuwa cha nkhuku chonchi, nambala ndiikhazika pati?" Onse amafa nacho chiseko, woyezedwayo n'kuseka nawo.

Anabwera m'tauni ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nthawi imene asilikali a m'madzi a ku Amerika anali akadali padoko. Ntchito inali mbwee masiku amenewo, kufupikitsa mathalauza a asilikali ndi kusoka madiresi a atsikana a m'mabala. Anakwatiwa ndi Gorio, woyendetsa njinga yamoto ija ya kangolo pambali, munthu waphokoso, wokonda nthabwala. Mayi ake a Gorio anali mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi, ndipo sankatopa kukumbutsa mpongozi wawo kuti mwana wawo anamutola pafupi ndi mabala.

Kuseri kwa khoma lawo la matabwa kunkachita lendi Edita, msinkhu umodzi ndi Minda. Ankabwerekana simbi, mchere, ngakhale nsapato. Edita ankagwira ntchito m'bala, ndipo anali ndi pakati pa msilikali wina wakuda, wamtali moti polowa m'nyumba ankachita kuwerama.

Mwanayo anasankha tsiku loipa. Linali tsiku lija phiri la Pinatubo linaphulika, mu June 1991, masana kunachita mdima, kukugwa phulusa losakanikirana ndi mvula, lolemera ngati simenti. Kuchipatala kunali kosapitika. Mzamba, Aling Sion, anafika atavundikira beseni kumutu. Minda anagwada kumbuyo kwa Edita atamukumbatira m'khwapa, pomwe Gorio anali padenga ndi fosholo kukankha phulusa kuti malata asawagwere. Mwana atalira, Gorio anamenya lata ndi fosholo.

"Wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamwamuna!"

"Muuzeni akwere kuno adzandithandize!"

Edita anaseka misozi ili m'maso. Mwanayo anamutcha Renante, koma tonse timangoti Nante. Sitima ya bambo ake inanyamuka sabata yomweyo kuthawa phulusa, ndipo sinabwerenso.

Zokalembetsa mwana kuboma palibe anaziganiza, poti madenga anali pansi, misewu itatsekeka. Edita ankati akamubatiza, atenga kalata ya ubatizo n'kukalembetsera zonse kamodzi. Ndiye anapempha Minda kuti akhale ninang wa mwanayo, mayi wake wa ubatizo, Gorio akhale ninong. Kwathu kuno zimenezi sitikana, chifukwa kukana ndi kumuchotsera mwana mwayi. Minda anavomera mokondwa. Anaperekeza Edita kuofesi ya tchalitchi kukalembetsa tsiku, mlembi analemba zonse m'buku, Minda n'kusainira iye ndi mwamuna wake. Kuchokera tsiku limenelo anayamba kuitanana mare, monga amachitira amayi olumikizidwa ndi ubatizo.

Lamulungu lake litakwana, Gorio anakhala pabedi malaya ositasita ali m'manja, osawavala.

"Minda, amayi akakhala pampando wakutsogolo. Ife tikaime pamaso pa mpingo wonse titanyamula makala aja? Anthu akatiyesa chiyani?"

Kwa zaka zambiri Aling Minda ankadziuza kuti mwamuna wawo ndi amene anawaletsa. Koma zoona zake n'zakuti Gorio anangofunsa, ndipo iwo mtima unakhala pansi, chifukwa sabata yonseyo ankaganiza zomwezo, kungoti mawu ake ankawaopa. Gorio analiza njinga n'kupita kuntchito. Minda anatseka zenera n'kukhala chete ngati m'nyumba mulibe munthu, anamva Edita akugogoda, akuitana "Mare, mare," kenako akunyamuka poganiza kuti anzake atsogola.

Chinawatuma Aling Minda kumulondola n'chiyani, mpaka lero sadziwa. Anakaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa ambulera ya mayi wogulitsa makandulo. Edita anali pakhomo la tchalitchi atavala diresi yobiriwira, mwana atamufunditsa nsalu yoyera, akuyang'ana uku ndi uku. Mabanja ena ankalowa ndi aninang asanu, asanu ndi mmodzi, onunkhira mafuta. Ubatizo unayamba, unatha, anthu anatuluka akujambulana. Edita anali chiimire. Dzuwa litafika paliwombo anaphimba mwana kumutu n'kubwerera.

Edita sanafunse kanthu. M'mawa mwake anakumana pampopi, ndipo Edita anapereka moni bwinobwino: "Mwadzuka bwanji, Aling Minda?" Anthu a msinkhu umodzi, koma anawatchula ngati mayi wachikulire wa mumsewu wina. Mawu oti mare sanamvekenso. Kutchalitchi Edita sanapondekonso. Asilikali atachoka onse, mabala n'kutsekedwa, ankachapira anthu zovala mpaka manja kusweka, ndipo chifuwa chinamutenga Nante ali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Nante anakulira pabwalo lija. Anzake ankamuti wosiyidwa ndi sitima, ena ankaliza lipenga ndi pakamwa iye akamadutsa. Koma pofika zaka khumi ndi ziwiri ankagwira kale mkombero wa golo, ndipo onyoza aja anayamba kulimbirana kuti akhale timu yawo. Gorio, amene tsopano tinkamutcha mwaulemu Mang Gorio, ndiye anasanduka wochemerera wamkulu. Ankamunyamula m'kangolo kupita kumasewera, mawondo a mnyamatayo ali panja, akufuula msewu wonse.

"Patukani, ndanyamula wanga! Kulira kwake koyamba ndinakumva ine, ndili padenga!"

Aling Minda sankafuula. Jezi ya Nante ankaisoka yoyamba, chaka chilichonse n'kuwonjezera nsalu m'munsi. Mpunga ukapsa ankamuitana, nsomba yaikulu n'kumuikira iyeyo, ana awo aakazi akuyang'ana. Anthu ankati, "Mtima wa Aling Minda ndi wina, mwana wa eni kumusamala chotere!" Mawu amenewo ankawalasa ngati singano yalowa kunsi kwa chikhadabo, koma ankangomwetulira n'kupondaponda makina.

Sukulu Nante analekera kupulaimale. Mpira ndiwo unakhala ntchito yake. Tauni iliyonse ikakhala ndi chikondwerero cha woyera wake, akuluakulu ankamutumizira uthenga kuti adzasewerere timu yawo. Kumeneko nkhani inali yomweyomweyo. Woimbira ankamulankhula Chingerezi chapang'onopang'ono, akukweza mawu ngati akulankhula ndi gonthi, Nante n'kuyankha m'Chitagalogi chathu chomwechi: "Akulu, lankhulani bwinobwino, Chingerezi chinandikana sitandade faifi." Anthu ankadabwa kumuona akudya mpunga ndi nsomba youma ndi manja, phazi lili pampando. Ankati Mfilipino ndi wamfupi, wothamanga, woponyera patali, ndiye uyu wolumpha mpaka kulendewera pagolo sangakhale wathu. Makochi nawo ankangomuika pansi pa golo kuti azikankhana ndi kutchinga, chikhalirecho iye ankakonda kuvina ndi mpira ndi kupatsira mnzake asakuyang'ana, ngati aliyense amene anaphunzira mpira mumsewu atavala mapatapata.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, timu ina ya ligi yaikulu ya ku Manila inamufuna. Msewu wonse unasangalala, Mang Gorio anamangirira mbendera panjinga. Koma ligiyo inali ndi lamulo lake: timu iliyonse mlendo mmodzi yekha, ena onse aonetse chikalata choti ndi ana a dziko lino. Timu ina yopikisana nayo inali italemba kale dandaulo loti mnyamatayo ndi Mmerika wozembetsedwa. Anamupatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti abweretse kalata yakubadwa, apo ayi malo ake apatsa wina.

Nante anafika pakhonde m'mawa, nakhala pansi chifukwa mipando ya Aling Minda inali yomuchepera.

"Aling Minda, kuofesi ya boma akuti munthu wolembetsa mochedwa abwere ndi mboni ziwiri zoona kubadwa kwake. Akatero amakhoma dzina pabolodi masiku khumi, kuti wotsutsa atsutse. Ndikangolakwitsa kamodzi, mwezi watha. Aling Sion anamwalira. Mwatsala inu ndi Mang Gorio."

"Tipita, mwanawe. Mawa lomwe."

"Ndinadziwa." Anatola kansalu pansi n'kumakapotokola. "Koma amayi anganso, abale. Kubereka mwana osamulembetsa, osamubatiza n'komwe. Ankachita nane manyazi, n'zimenezo. Inu mukanakhala amayi anga si bwenzi ndikuvutika chonchi."

Sikanali koyamba kuti alankhule zotere pakhonde limenelo. Aling Minda analuma ulusi, nati singano yaduka, n'kulowa m'nyumba kukafuna ina. Singanoyo inali bwinobwino.

M'mawa mwake anakwera atatu panjinga ya Mang Gorio. Mlembi wa kuofesi anali mayi wa magalasi, Mayi Evangelista. Atakweza maso n'kuona chimunthu chitadzaza khomo, anayamba ndi Chingerezi.

"Madamu, ndine wa kuno," anatero Nante.

"Ayi ndithu! Ndimayesa mwasochera pofuna hotela." Anaseka, kenako anayamba kuona mapepala. Panali kalata ya kusukulu ndi kalata ya imfa ya Edita. "Ya ubatizo ili kuti?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Mayi Mkatolika, mwana wobadwira kuno, wosabatizidwa? Ngakhale chidakwa chimabatiza mwana wake, bola papezeke chifukwa chowotchera nkhumba."

Mang Gorio anasendeza mpando. "Phulusa, madamu, phulusa! Inu munali mwana, simungakumbuke. Denga la tchalitchi linagwa, ansembe anathawa, ubatizo unaima chaka chonse."

"Tchalitchi chiti?"

"Cha kumsika chija."

Mayi Evangelista anavula magalasi. "Zikomo pondiyesa mwana, bambo, koma wanga wachiwiri anabatizidwa mmenemo mu August chaka chomwecho, denga lili pamwamba. Musanatuluke muno mulumbira, ndiye samalani pakamwa." Anatembenukira kwa Nante. "Tamvera, achimwene. Anthu ena mawu a mboni amakwanira. Koma iwe pali kalata yokutsutsa, ndipo aliyense wowerenga fayilo iyi ayamba waona chithunzi chako. Kalata ya kusukulu ikungonena kuti unali kuno uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Adzati anakubweretsa. Ndikufuna pepala lililonse la chaka chimene unabadwa, lokhala ndi dzina lako ndi la mayi ako. Khadi la sikelo, la katemera, chilichonse."

"Zonse zinapita ndi madzi osefukira, madamu."

"Ndiye nditumiza momwemu, koma akaibweza kuti afufuze, ndi miyezi iwiri kapena itatu."

Nante anagwira mutu ndi manja onse awiri. Aling Minda anali atakhala pambali, chikwama chili pamiyendo. Buku lija ankaliona m'maso mwawo ngati analisaina dzulo: chikuto chakuda, inki yobiriwira, dzina lawo lili pansi pa la mwana. Mang Gorio sanalionepo. Edita anali kumanda. Wodziwa za bukulo padziko lonse anali iwo okha, ndipo akanangokhala chete, akanabwerera kunyumba ali Aling Minda wa mtima wabwino yemwe uja.

"Buku lilipo," anatero.

Mawu anatuluka otsika moti mlembi anafunsa kuti mwati chiyani.

"Kuofesi ya tchalitchi kuli buku lolembetsera masiku a ubatizo. Edita analembetsa mwana. Lamulungu la pa 15 September. Dzina la mwana lilimo, tsiku lobadwa, dzina la mayi. Ndinali naye."

"Minda," anatero Mang Gorio chapansipansi.

"Analembetsa?" Nante anadzutsa mutu. "Nanga bwanji sanandibatize?"

"Anapita nawe, mwanawe. Anakuveka, anakunyamula, anafika nthawi isanakwane. Amene sanafike ndi ninang ndi ninong wako."

"Anali ndani?"

Aling Minda anayang'ana chikwama chawo. Zipi yake inali yomasuka ulusi mbali imodzi. "Ine ndi awa."

Mang Gorio anayamba kunena kuti masiku amenewo zinthu zinali zina, anthu ankalankhula kwambiri, mayi ake anali munthu wovuta, koma Aling Minda anawadula.

"Musawanamizire amayi, anagona kale. Sanatiletse. Inunso simunandiletse. Tinachita manyazi ndi khungu lako, Nante, tonse awiri. Wochita nawe manyazi sanali Edita."

Mayi Evangelista anavalanso magalasi, nayamba kutaipa osayang'ana munthu. Atamaliza anawerenga mokweza, monga lamulo linenera, mawu onse mpaka pamene panati mboni zomwezi ndizo sizinafike paubatizo. Aling Minda anasaina. Mang Gorio anagwira cholembera nthawi yaitali ngati ndi chida chachilendo, kenako anasaina nawonso.

"Pitani mukatenge bukulo lisanakwane nkhomaliro," anatero mlembi. "Likapezeka, ndikhoma dzina lero."

Popita kutchalitchi Nante anakana kukwera njinga, anati ayenda. Anafika limodzi, poti miyendo yake ndi yaitali ndipo Mang Gorio ankayendetsa ngati anyamula maliro. Mlembi wa tchalitchi anadandaula za fumbi ndi mphemvu, anatsitsa makatoni atatu pamwamba pa kabati, ndipo bukulo linapezeka m'katoni yachitatu. Masamba ake anali atachita chikasu. Nante anawerama nayendetsa chala pamzere. Renante Abrigo, wobadwa pa 15 June 1991. Mayi, Edita Abrigo. Bambo, mpata wopanda kanthu. Kenako mayina awiri aja, ndi siginecha ya Aling Minda ya nthawi ya utsikana, yokhotakhota mwaluso. M'mphepete munthu wina analemba ndi pensulo: sanabatizidwe, omuimirira sanabwere.

"Anadikira nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Nante, maso ali pabuku.

"Mpaka masana. Anthu onse atapita."

"Mukudziwa bwanji, poti simunabwere?"

"Ndinali apo." Analoza pazenera, kutsidya kwa msewu, pomwe lero pali sitolo ya mafoni. "Ndinkakuonani."

Nante anayang'ana malowo. Kenako anapempha mlembi kuti amujambulire tsambalo makope atatu, n'kupita nawo yekha kuofesi ya Mayi Evangelista.

Masiku khumi amenewo Aling Minda sanasoke bwino. Jezi ziwiri anaziika nambala mozondoka, chinthu chimene sichinawachitikirepo. Tsiku lililonse ankadutsa kuofesi kukaona ngati pepala lidakali pabolodi, ngati wina sanalembepo zotsutsa. Nante ankasewera pabwalo m'mawa monga mwa nthawi zonse, koma ankalowera geti la kumbuyo. Mpunga ukapsa sankamuitana, poopa kuti akana, poopanso kuti avomera. Mang Gorio anachotsa mbendera panjinga, ndipo anzawo pasiteji akafunsa za mnyamata wawo, ankangoti ali bwino.

Palibe anatsutsa. Kalata inatuluka kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe.

Nante anafika pakhonde ali ndi chikwama kumsana. Sanakhale pansi. Anatulutsa kalatayo m'pulasitiki nawaonetsa, ataigwira yekha. Panali chidindo, ndipo pamalo a mtundu panalembedwa kuti Mfilipino.

"Yatuluka, Aling Minda. Kochi akuti ndifike lero, mawa tiyamba."

"Mulungu alemekezeke, mwanawe."

"Mukanapanda kunena za buku lija, bwenzi pano ndikulira. Zimenezo ndikudziwa, ndipo zikomo." Anabwezera kalata m'pulasitiki mosamala. "Dzulo ndinapita kumanda kukawapepesa amayi. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkawakwiyira. Akudwala ndinawafunsapo, anangoti anaiwala. Ndinawauza mawu oipa tsiku limenelo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwanena pakhonde pano. Inu munkamva."

"Ndinkamva."

"Mukusoka."

"Ndikusoka."

Nante anadikira pang'ono, mwina kuti Aling Minda awonjezere kanthu. Mang Gorio anatuluka m'nyumba makiyi ali m'manja.

"Tiye ndikutule kudepoti, Nante. Chikwamacho n'cholemera."

"Ayi, Mang Gorio, musavutike. Sipatali."

Analowetsa kalata mkati mwa malaya, pachifuwa, naigwira ndi dzanja pamwamba pake. Anawerama pang'ono podutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala, n'kutsika ndi msewu kukakwera basi ya ku Manila.